Mfuti imene bambo anafukula kuseri kwa khola

Ndikamva fungo la girizi wosakanikirana ndi palafini, mtima umabwerera pakhonde pa a Zuze, mkulu wokonza njinga amene tinkayandikana naye nyumba ku Limbuli, pomwe mawilo opindika ankalendewera kudenga ndipo nkhuku zinkajompha timipira tachitsulo pomayesa nandolo. Anachokera ku Milanje nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, monganso ife, koma za kwawo sankazikamba. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi wosagwira pakamwa, ndipo pamudzi ponse anthu anali atatopa ndi mafunso anga kupatula iwo.

M'mawa wina bambo akukumba chimbudzi chatsopano kuseri kwa khola la mbuzi, khasu linagunda chitsulo. Anafukula chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli chowola, ndipo atachifunyulula anangokhala pansi padothi lomwelo. Inali mfuti. Mwezi womwewo mbava za mfuti zinali zitathyola golosale pamsika, apolisi anali kalikiliki kusaka zida, ndipo anthu ankaloza chala ife ochokera kutsidya kwa malire. Ikanapezeka pakhomo pathu, bambo akanapita kundende. Anatilamula kuti tisauze munthu, iwo aganize kaye ngati akaitaye mumtsinje kapena akaipereke kupolisi.

Chinsinsicho ndinachisunga mpaka masana. Kenako ndinapita pakhonde paja n'kufunsa ngati zocheza, "Agogo, kodi mfuti ikakhala m'dothi imaola?"

A Zuze anasiya kupopa tayala. "Iwe Esinati, ili kuti?"

Tinapeza mayi atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, mfuti ili pamiyendo, pambali pali phulusa, mchenga ndi chitsononkho. Bambo anali atatsimikiza zokaipereka, ndiye mayi anga, amene sankalola ngakhale dengu lakuda kupita kuchigayo, anali atayamba kuikwecha ngati poto.

"Amake Esinati, siyani!" Ndinali ndisanawamvepo a Zuze akukuwa.

"Nanga apite nayo kuboma ili chonchi?" anatero mayi. "Akatiyesa anthu auve."

"Ikakawala akanena kuti mumaisamala. Dzimbiri limenelo ndiye mboni yanu."

Anaitenga n'kuloza kukamwa kwake kuchulu, natiuza tonse kuti tiime kumbuyo kwawo chifukwa mwina munali chipolopolo. Ine maso anali pamanja awo. Manja aja ndinkawadziwa akunjenjemera pogwira sipanala, koma apa ankayenda okha, osafufuza. Anayesa kutukula kampiringidzo ka pambali, kamene msilikali amakoka polowetsa chipolopolo, koma kanali katagwirana ndi dzimbiri. Analowetsa udzu mumpope wake, udzuwo unakakamira padothi. Thabwa lake chiswe chinali chitadya mpaka chala chinkalowa. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, napukuta kamalo kakang'ono pachitsulo, ndipo panaoneka kachisoti kachifumu ndi manambala.

"Iyi si ya nkhondo tinathawa ija, achimwene," anauza bambo. "Iyi ndi fili-noti-fili, mfuti yakale ya Angelezi. Ya Apwitikizi ilibe kabokosi ka zipolopolo kotuluka pansi apa. Inu munabadwa chaka chanji?"

Bambo anatchula chakacho.

"Ndiye iyi ndi mkulu wanu. Wina anabwera nayo kuchokera kunkhondo ya Azungu n'kuikwirira. Dzimbiri lotere silingabwere m'zaka zisanu zimene mwakhala pano."

"Agogo, inu mwadziwa bwanji zonsezi?" ndinafunsa. Mayi ananditsina pantchafu.

Bambo anakanda m'mutu. "Koma ine ndikakanena zimenezi, akandikhulupirira? Sindidziwa n'kumwe amaigwirira."

A Zuze anaikulunganso mfuti ija. Kenako anapita kwawo kukavala jekete ndi nsapato, ndipo awiriwo ananyamuka, mfuti itamangidwa pakaliyala m'chiguduli chake chomwecho.

Za kupolisi tinazimva kwa bambo. Wapolisi wamkulu analimbana nako kampiringidzo kaja mpaka thukuta, anamvetsera zonse zimene a Zuze anafotokoza, kenako anafunsa funso langa lomwe lija. Uku a Zuze sanathe kulizemba funsolo. Anaulula kuti ali mnyamata anagwira ntchito zaka zambiri yokonza mfuti za asilikali a Chipwitikizi. Bambo anabwera kunyumba dzuwa lisanalowe. A Zuze anatsala kumeneko masiku atatu akufunsidwa mafunso.

Pamene ankabwera, mbiri inali itawatsogolera kale. Pamudzi panali mabanja amene abale awo anaphedwa ndi asilikali amenewo, ndipo anasiya kubweretsa njinga, ankalolera kuzikankha mpaka kumsika. Mayi wina ankalavula akamadutsa pakhonde paja. Ine ndinkapitabe, ndipo pakamwa pangapa sipanaphunzire kanthu.

"Agogo, mfuti zimene munkakonzazo zinapha anthu?"

Anapitiriza kumanga masipokisi, osandiyang'ana. "Zinkabwera zakufa, zinkachoka zikulira. Kumene zinkapita sindinkafunsa, mwanawe. Ndikanafunsa."

Anamwalira ine ndili kusekondale, ndipo kumaliro kwawo anthu anali ochepa. Lero ndili ndi ana anga atatu, ndipo bambo, amene sanalowepo m'ndende, akadali moyo, amakangana ndi adzukulu za mpira. A Zuze ndimawasowa, komanso sindinathe kuwaweruza, chifukwa mayi ankalavula uja nayenso anali ndi manda ake owalirira. Zambiri za moyo wawo sindidzazidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mkuluyu anabisa mbiri yake pafupifupi zaka makumi awiri, ndipo anaiulula masana amodzi kuti bambo anga agone kunyumba.