Bondo Langa ndi Chitenje cha Nachisale

Tinkakumba kachewere, ine ndi mkazi wanga Nachisale, kumudzi kwathu kutsidya kwa malire. Tinali titangotha chaka chimodzi m'banja. Mfuti inalira chakumsika, kenaka zinalira zambiri. Akuluakulu ankati nkhondo inatha kalekale, koma tinaona utsi pamwamba pa tchalitchi chathu.

Makasu tinawasiya m'mizere n'kuthawa. Bambo anga anabwerera kukatsegulira ng'ombe.

Potsika chigwembe ndinaterereka pamwala. Bondo lamanzere linapotokera kumbali. Nachisale anandithyolera nthambi ya msuku, ndipo mbali inayo ndinatsamira phewa lake. Mtunda umene tinkayenda dzuwa lisanatenthe unatitengera tsiku lonse.

Pa Lizulu anthu ankagulitsa kabichi ndi tomato monga masiku onse. Mayi wina anatipatsa madzi osafunsa kanthu. Mawa lake tinafika kwa amalume ku Champiti.

Amalume anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Anati anaonako miyendo yambiri yovulala, ndipo mankhwala ake ndi kusausuntha. Anandimanga timitengo ndi luzi, mwendo uli chiwongokere, ndipo ndinakhala choncho miyezi itatu. Sindiwaimba mlandu. Anachita zimene ankadziwa.

Atamasula, bondo linakana kupinda. Ntchafu inali itafota ngati mkono. M'tchalitchi anthu akagwada, ine ndinkatsala pabenchi, mwendo uli panjira.

Kuchipatala chaching'ono kunkabwera mayi wa mafizo, wothandiza olumala ziwalo, kamodzi pamwezi. Anagwiragwira bondolo nati, "Bambo, fupa silinathyoke. Mwendowu wagona kwambiri. Tiudzutsa, koma mulira."

Anaphunzitsa Nachisale zochita. Ndinkagona chagada pamphasa, chitenje cha Nachisale chitakoledwa kuphazi, n'kumakokera chidendene chakuthako pang'onopang'ono. Mayi uja anatisonyeza malo pamphasapo. Anati chidendene chikadzafika pamenepo ndidzatha kugwada.

Kenaka ndinkalimbitsa ntchafu n'kukweza mwendo, kathumba ka mchenga katamangidwa pa akakolo. Nachisale sankawerenga manambala. Ankanena pemphero la Atate Wathu, ndipo sindinkaloledwa kutsitsa mwendo asanafike pa Amen.

"Musabere, inu," ankatero. "Ndikukuonani."

Pamene chidendene chalekezera ankalembapo ndi khala. Mzerewo unkasendera pang'ono, mwina chala chimodzi pa sabata.

Mvula itayamba iye anadwala. Ankandinenerabe pempherolo ali chigonere, mawu akunka nachepa. Anamwalira kutatsala zala zinayi kuti mzere ufike pamalo paja.

Pa mapemphero a maliro ake onse anagwada. Ine ndinakhala pansi, mwendo uli chiwongokere.

Ndinapitiriza ndekha ndi chitenje chomwecho, mzere wa khala ndikulemba ndekha. Chimanga chitauma ndinapita kumanda. Ndinagwira mtanda wake n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse awiri anakhudza dothi. Bondo linkapweteka. Sindinadzuke mpaka nditafika pa Amen.

Ndidakali ku Champiti. Kuno mfuti sizilira. Ndimalima, ndipo Lamulungu ndimagwada pamodzi ndi ena. Bambo anga sanapezeke, ngakhale ng'ombe ziwiri zinaoneka zikudya msipu pafupi ndi malire. Chitenje chija chinabooka pakati, pamene phazi linkaponda. Ndimakutira nacho Baibulo.