Ndinachoka pamzere kuti andiitane

Loweruka lapitali ndinaphunzira kuti m'dziko muno ukatembenuka n'kuyamba kuchoka, anthu amangokupatsa njira.

Mwana wanga Tamanda, wazaka khumi ndi zinayi, wobadwira konkuno, amakonda sewero lina la pa TV la anthu oyenda m'chombo mumlengalenga. M'sewerolo muli mayi wina amene amakhala dokotala wa m'chombomo. Chifukwa cha mayi ameneyu Tamanda akukhoza sayansi ndipo akuti adzakhala dokotala, zimene ine ndi amayi ake takhala tikumuimbira kuyambira ali kumsana koma osatimva. Ndiye anamva kuti mayiyo akubwera ku msonkhano wa okonda masewero a pa TV m'tauni ya Toronto, tsiku limodzi lokha, kudzasainira anthu zithunzi. Chithunzi chachikulu cha mayiyo anagula kalekale, anachipinda bwinobwino m'chubu cha katoni, chimagona pansi pa bedi kudikira tsikuli.

Amayi ake anali pa shifiti ku Markham kosamalira okalamba, choncho ntchito yoperekeza inagwera ine. Potuluka m'mawa anandiloza ndi kiyi wa galimoto: "Bambo a Tamanda, kumeneko si kumsika wa kaunjika. Mukalipire n'kutseka pakamwa."

Ndinaseka. Ine? Ine amene ndinakula ndikugulitsa nsapato za kaunjika ku Limbe? Ine amene ndinanenerera galimoto ku Mississauga mpaka mwini wake anandiponyera makiyi kuti ndingomuchokera pamaso?

Abale anga, ngati simunapiteko kumisonkhano imeneyi, mudzapiteko kamodzi kuti mudzasiye kudziona ngati ndinu osokonezeka. Abambo a ndevu za imvi atavala zinsalu zouluka kumsana. Amayi aulemu wawo atamata makutu apulasitiki osongoka. Mkulu wina anadzipaka utoto wobiriwira thupi lonse, ali phee pamzere wa khofi, foni m'manja. Kwathu achibale akanakhala kale pansi kukambirana zoti amutengere kuti. Kuno anthu amamupempha kuti ajambulitse naye.

Pakhomo ulipire. Madzi akumwa ulipire. Ndiye ukafika pamzere wa munthu amene wamudzera, upeza chikwangwani cha mtengo wa siginecha. Nditauwerenga ndinaona mbuzi yathunthu, ya bere, ikutuluka m'thumba mwanga. Mbuzi, kuti munthu akhwatche dzina limene makolo ake anamupatsa ulere!

Tinaima pamzerepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Tamanda anali akuloweza chapansipansi mawu oti akamuuze mayiyo. Ine ndinali kuwerenga msika. Ndinaona kuti katundu sakutha, cholembera n'chimodzi chomwecho, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akunenerera. Mumtima ndinati: anthu awa akusowa wowatsegula m'maso.

Tinafika kutsogolo. Panali mtsikana wa kamakina kolipirira ndi khadi. Kuseri kwake, pafupi kwambiri moti Tamanda anasiya kupuma, panakhala mayi uja, akumwetulira, cholembera m'manja.

Ndinayamba monga mwa malamulo a ntchito. Choyamba umaseka mtengo. Ndinaseka. Mtsikana uja anaseka nane, osadziwa chimene tikuseka.

Chachiwiri umapezera katundu chilema. Ndinamuuza kuti ndakhala ndikuonerera, mayiwa akusaina mothamanga, zilembo zikuoneka ziwiri zokha, zinazo ndi mzere chabe.

"Dad," anatero Tamanda.

Chachitatu umadula katundu pakati. Ndinafunsa kuti nanga akangolemba dzina loyamba lokha, sitingagwirizane theka?

"Dad, please."

Mtsikana uja anati mtengo ndi umene walembedwawo. Ananena mokoma, akumwetulirabe. Apa ndiye ndinatulutsa chida chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo fuwa la moto chiyambire. Ndinapukusa mutu, n'kugwira Tamanda pamkono.

"Tiye mwanangu, tikaone kwina."

Kwina kuti? Siginecha ya mayi ameneyu amagulitsa ndi munthu mmodzi padziko lonse lapansi, ndipo ndi amene tinali kumufulatirayo. Koma zimenezi ndaziganiza pambuyo pake. Panthawiyo ndinali kuyenda kuyenda kwake kuja, kwapang'onopang'ono, mapewa akuonetsa kuti wapita koma khutu latsalira kumbuyo. Ku Limbe sufika patali. Umamva, "Bwerani bwana, inu muli ndi zingati?"

Ndinamva mawu amodzi okha: "Next!"

Nditacheuka, pamalo pathu panali pataima kale mkulu wobiriwira uja.

Tinabwerera. Mtsikana uja anati palibe vuto, tingoyambiranso kumbuyo. Kumbuyoko tinapeza chimnyamata cha chifuwa ngati kabati chitakoka chingwe: mzere watsekedwa, mayi akuthamangira ndege. Ndinachipatsa moni. Ndinachitcha achimwene, ndinachitcha bwana. Ndinachilozera mwana. Chinangoti "sorry", sore wa kuno uja, wofewa ngati thonje koma wokhoma ndi loko.

Tamanda sanalire. Bola akanalira. M'sitima yobwerera ku North York anakhala mpando woyang'anana nane, chubu chake pamiyendo. Titadutsa masiteshoni angapo anafunsa m'Chingerezi chifukwa chimene tinachokera, pamene ndalama ndinali nayo.

"Sitinachoke," ndinatero. "Kumene kuja n'kuyerekeza chabe."

Anandiyang'ana, n'kuyankha m'Chichewa chake chopunduka chija chimene amachisungira nthawi zoopsa zokha: "Koma tinachoka, adadi."

Musandiseke nokha, chifukwa matendawa si anga ndekha. Ife timakana kuti atikakamize, timachoka kuti atiitane. Ndani wa inu amene sanagonepo ndi njala chaka chake choyamba kuno? Mzungu wakuitana kunyumba kwake, wakufunsa ngati ungadye. Iwe, mwana woleredwa bwino, ukuti, "Ayi zikomo, ndadya kale." Ukudikira afunsenso, kachiwiri, kachitatu, kenako akugwire dzanja. Iye akuti chabwino, akubweza nkhuku mufiriji iwe ukuona.

Kumpingo kwathu tili ndi a Chimwaza, amene anatsogolera kwaya kwa zaka zambiri. Tsiku lina anakwiya pa nkhani ya yunifolomu, anaimirira n'kunena kuti atula pansi udindo. Anapita kunyumba, anagula zakumwa ndi mabisiketi kukonzekera nthumwi zodzawapepesa. Koma komiti ya masiku ano yadzaza ana okulira kuno. Anawatumizira khadi lowathokoza, onse atasainamo, ndipo Lamlungu lotsatira kutsogolo kunaima mtsikana wa gitala. Mabisiketi aja anadya okha.

Nanga otuluka m'magulu a pafoni aja? Munthu watuluka mwaukali m'gulu la anthu akumudzi kwawo, kenako tsiku lonse foni ili m'manja, akufunsa msuweni wake kuseri kuti, "Akuti chiyani kumeneko?" Sakuti kanthu, achimwene. Akukambirana za pikiniki.

Wina wa ife anakaopseza bwana wake kuntchito kuti akapanda kumukweza asiya. Anamukonzera keke yotsanzikana naye.

Komatu sindikunyoza mwambo wathuwu. Uli ndi kukoma kwake. Wogulitsa akakuitana, akukuuza kuti akukufuna. Ukabwerera, ukumuuza kuti nawenso umamufuna. Nonse mwatsika pang'ono, palibe wagwa. Mlendo akakana chakudya, akupatsa mwini nyumba mpata woonetsa kuti sakupereka mwamwambo chabe. Ndi gule wabwino, koma ndi wa anthu awiri. Ukamuvina wekha pamaso pa munthu amene sakumva ng'oma, iye amangoona bambo wachikulire akukoka mwana wake kuchoka pamzere umene aimapo theka la tsiku.

Ndipo amene amalipira si wovinayo nthawi zonse. Ine ndinabwerako ndi mbuzi yanga yathunthu. Mawu amene Tamanda analoweza aja anabwerera nawo m'kamwa.

Lolemba madzulo ndinagogoda kuchipinda kwake. Ndinali nditafufuza pa intaneti, ndinapeza anthu ogulitsa zithunzi za mayi yemweyo zosainidwa kale. Mtengo wake mbuzi ziwiri, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindinenerera. Ndinamuonetsa.

"No thanks, Dad."

Ndinamwetulira. Ndinati mwanayu ndi wathu ndithu, akudziwa kukana koyamba. Ndinafunsanso. Anakana. Ndinafunsa kachitatu, khadi lili kale m'manja. Anati iye sankafuna inki, ankafuna kuti mayiyo amve dzina lake. Anatseka chitseko, osamenyetsa, mwaulemu.

Ndinatsala chiimire pakhonde la m'nyumba, ndikudikirabe kuti mwina chitseguka. Amayi ake anadutsa ndi dengu la zochapa, osaima n'komwe.

"Mukudikira chiyani pamenepo? Ameneyo ndi wobadwira kuno. Ayi wake ndi ayi."

Ndiye inu amene mwakhala pakona lero, munatuluka mumpingo, munatuluka m'gulu, mwina munatuluka m'nyumba ndi chikwama kuti akutsatireni, khutu lili kumbuyo: kodi amene mukudikira kuti akuitaneniyo akudziwa n'komwe kuti munali kuyerekeza?