Kalongonda wa agogo a Nampinga

Ndikamva fungo la kalongonda ali pamoto, ndimawaona agogo a Nampinga akulowa pabwalo pathu ku Chiringa, mphika wakuda pamutu, nkhuni m'khwapa, akulongolola m'Chilomwe ngati pali wina wawaputa. Sanali agogo anga enieni. Tinkangogundana malire a munda, ndipo kunena zoona ndinkawaopa, chifukwa pakamwa pawo panalibe chitseko.

Chaka chimenecho bambo anga anamwalira ndi matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina. Achibale atabalalika, amayi anagona pamphasa n'kutembenukira kukhoma. Amayi a kumpingo ankabwera ndi phala, ena futali, koma mbale zinkangokhala pomwepo, ntchentche zikuzungulira. Ine ndinali kamtsikana ka kupulaimale, komabe ndinkadziwa kuti amayi akapitiriza kukana chakudya, awatsatira bambo.

Agogo a Nampinga sanabwere ndi chakudya chakupsa. Anabwera ndi kalongonda wosaphika, n'kunena kuti khitchini yawo ikudontha, aphikira kwathu. Kudontha kwake kuti, mvula italeka kalekale! Anasonkha moto pafupi penipeni ndi khomo, utsi n'kumalowa m'nyumba mmene munagona amayi.

Kalongonda si nyemba zophika mothamanga. Amafuna tsiku lathunthu, kuwiritsa, kusenda makoko, kutaya madzi akuda aja, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utachoka. Wophika akachita ulesi, wakudyayo amaledzera, mutu n'kumazungulira, ndipo ena amapita kumene.

Dzuwa lisanafike pamutu, madzi akadali bii, agogo anaphula mphika, n'kupakulira m'mbale. Njala inali itandikwana, choncho ndinatambasula dzanja, koma iwo anandigwira mkono mwamphamvu uku akukuwa kuti ndidye msanga asanazizire.

"Rute, siya!"

Anali mawu a amayi, oyamba kuwamva chiikireni maliro. Anatuluka akugwira khoma, chitenje chikukwekwereka, n'kulanda mbale ija. Anawafunsa agogo ngati akufuna kuwaphera mwana mmodzi yemwe watsala. Agogo anangoti maso akalamba, saonanso bwino mtundu wa madzi, ndipo ngati amayi akudziwa kuposa iwo, aphike okha. Atatero anakakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kumanunkhiza fodya wawo.

Amayi anaphika masana onse, akung'ung'udza, nthawi zina akulira, ine ndikuthamangira madzi kumjigo. Koma kalongonda sapatsidwa kwa mwana wophikayo asanalawe. Ndiye amayi analawa. Agogo, osatembenuka n'komwe, anati, "Mchere wachepa, make Rute. Thira, ulawenso." Amayi anathira n'kulawanso, kenaka anakhala pansi ndi mbale ija pamiyendo, ndipo inatha.

Ndinazindikira nditakula kuti agogowo anayamba kugulitsa kalongonda pamsika amayi asanabadwe, ndipo palibe amene anadwalapo naye. Ndinakumbukiranso mmene anandifinyira mkono tsiku lija, kuti ngakhale kanyemba kamodzi kasafike pakamwa panga. Ndimawasowa kwambiri, ndipo zimandiwawa kuti sindinawathokoze.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka kundiona ndikumaliza sukulu. Masiku ano, mnzanga akaferedwa, ndimadikira kuti anthu abalalike, kenaka ndimanyamula nyemba zosaphika ndi kamtolo ka nkhuni. Ndikafika pakhomo, ndimamuuza kuti khitchini yanga ikudontha.