Ulendo wa a Gilibati Wokaona Nsomba

Pa Mitundu aliyense amene ndowa yake inagwerapo m'chitsime ankawadziwa a Gilibati. Ine ndinawadziwa chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale, nditatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, ndiye ndinachita lendi kanyumba koyandikana ndi kwawo. Ndisanazolowere n'komwe, chingwe chinaduka, ndowa yanga yatsopano ulendo wapansi. Ndili kukamwa yasa pachitsimepo, mayi wina anati, "Musadandaule aphunzitsi, kaitaneni a Gilibati."

Kunabwera bambo wamfupi, wamatewe, wa mapewa otambalala. Sanataye nthawi ndi moni wautali. Anavula malaya, kumanga chingwe pamtengo, n'kutsika. Tinangomva kuti chubwi, kenako zii. Nditayamba kuganiza kuti ndaphetsa munthu chifukwa cha ndowa, anatulukira atanyamula ndowa yangayo, chikho cha eni ake, ndi nsapato imodzi imene palibe anaizindikira.

Anabadwira kufupi ndi mtsinje wa Diamphwe, ndipo kusambira anaphunzirira mumtsinjemo akuweta ng'ombe. Ku Mitundu anabwera kudzakwatira, nakhazikika pachikamwini. M'chilimwe ankakumba zitsime ndi kuvuula ndowa. M'dzinja ankalima fodya, koma kunena zoona fodya wawo anali wochititsa manyazi, moti akazi awo, mayi Nabanda, ankati mwamuna wawo khasu amalidziwa likamaloza pansi pokha.

Panalinso ntchito ina imene sankaikamba. Kuno kumtunda anthu ambiri sadziwa kusambira. Mitsinje ikasefukira, munthu n'kukokoloka, uthenga unkafika kwa a Gilibati. Ankapita, kulowa m'madzi, n'kutulutsa mtembo kuti abale akaike. Pa ntchito imeneyo sankalandira kanthu, ngakhale nkhuku. Akabwerako ankasamba, n'kukakhala kuseri kwa nyumba osalankhula ndi munthu. Ana awo onse anawaletsa kuyandikira mtsinje, moti anakula osadziwa kusambira ngati ine ndemwe.

Matipate atabwera, mabungwe anayamba kukumba mijigo m'midzi. Amayi anasangalala, koma a Gilibati ntchito inawathera, paja mjigo sugwetsa ndowa. Zimenezo sanadandaule nazo kwenikweni. Chimene chinawagwetsa ulesi ndi maso. Anayamba kupunthwa pa mbuzi zogona, kugunda mafelemu a zitseko, kudutsa anthu osawapatsa moni mpaka ena kumati madalawa ayamba matama. Mwana wawo wamkazi, Martina, amene anali namwino pa Nathenje, anawatengera ku chipatala cha Nkhoma. Madokotala anawayeza bwinobwino nanena kuti si ng'ala yoti angachotse. Mitsempha ya maso inali kufa, ndipo mankhwala odonthezera akanangochedwetsa mdimawo.

"Aphunzitsi," anandiuza tsiku lina, "zili ngati ndili pansi pa chitsime ndikuyang'ana kumwamba, wina n'kumakoka chivundikiro pang'onopang'ono."

Munthu uja anasintha. Nthabwala zinatha. Ku tchalitchi ndinaona kuti ena tonse tikaweramitsa mitu kupemphera, iwo ankangoti maso tong'o, osatsinzina ngakhale pang'ono. Zinkandimvetsa chisoni.

Martina makani anatengera bambo ake. Anamwino ndi aphunzitsi a pa Nathenje atakonza ulendo wa tsiku limodzi wopita kunyanja ku Senga Bay, anamva kuti kumeneko kuli boti lopita pa kachilumba, ndipo amabwereketsa magalasi oonera nsomba pansi pa madzi. Anabwera ku Mitundu mtima uli m'mwamba. Iye ankafuna kuti bambo ake, amene moyo wawo wonse anathera m'madzi amatope, aoneko madzi oyera ndi zokongola zake maso asanatseke.

"Nsomba ndimaziona pamsika," anatero a Gilibati.

"Zouma zija? Bambo, mukupita basi. Malo ndakusungirani kale."

Mayi Nabanda anawonjeza moto: "Pitani, mukationereko. Kapena mukuopa madzi?" Mawu amenewo anawakhudza pachilonda, ndipo anavomera mokwiya. Ine anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndikhale wowagwira mkono pokwera ndi potsika.

Tinanyamuka pa Nathenje m'bandakucha, minibasi itadzaza ndi anthu, mabasiketi a mpunga ndi nkhuku zokazinga. Martina anavala thalauzi, pakuti lamulo loletsa akazi kuvala thalauzi linali litachoka. Maso akufawo thalauzi analiona bwinobwino. A Gilibati anang'ung'udza kuchokera ku Lilongwe mpaka kutsetsereka mapiri a ku Salima, kuti ngati demokalase yake ndi imeneyi, iwo anavota molakwa. Anamwino anaseka mpaka kugwira nthiti.

Titafika, dzuwa lili pamutu, ndinawatsogolera pamchenga. Anaima, kutembenuza mutu pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja, chifukwa nyanja yonseyo sikanakwana m'kabowo kamene kanawatsalira. Anapukusa mutu.

"Amene anakumba apa anali ndi khasu," anatero.

Mwini boti anali a Isake, bambo wamtali wakuda bii ndi dzuwa, wolankhula pang'ono. Botilo linali lamatabwa, injini kumbuyo. Litangoyamba kudumpha pa mafunde, anamwino aja amene amabaya anthu jakisoni osaphethira anayamba nyimbo ya kutchalitchi. Ine sindinayimbe nawo, pakuti ndinali nditakakamira thabwa ndi manja onse awiri, ndikukumbukira ana anga mayina awo. A Gilibati okha ndiwo anakhala tsonga, dzanja lili m'madzi, ngati ali pangolo yopita kudimba.

Kachilumbako kanali miyala ikuluikulu yoyera ndi zitosi za mbalame. A Isake anazimitsa injini pamalo abata nagawa magalasi, lililonse ndi kapaipi kake kopumira. Anatiuza kuti tilavulire pagalasi n'kutsukuluza kuti lisachite nthunzi. Ndiye ananyenya buledi n'kuponya m'madzi. Abale inu! Tinsomba tinangoti piringupiringu kuchokera m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, madzi ali mbee mpaka kuona mchenga pansi. A Isake anati dzina lake ndi mbuna.

A Gilibati anavula malaya. Magalasi anavala, koma kapaipi anakana. "Mpweya ndili nawo wanga," anatero, n'kudziponya m'madzi mopanda phokoso. Anakhalitsa pansipo mpaka a Isake anayamba kuvula malaya awo. Kenako anavuuka, dzanja lili m'mwamba. Anali atagwira botolo lakale ndi supuni yadzimbiri.

"Ndapeza izi. Za ndani?"

"Bambo, nanga nsomba?" anafunsa Martina. "Mwaziona?"

"Ziliko. Zimandigunda m'miyendo."

Anamiranso. Ulendo uno a Isake anawatsatira. Atavuuka, a Isake anasambira kufika pa boti, nauza Martina motsitsa mawu: "Achemwali, madalawa akutsinzina. Akungofufuza pansi ndi manja."

Martina anaimirira m'botimo mpaka linapendama. "Bambo! Mtunda wonsewu, kuchoka ku Mitundu, kuti mudzatole mabotolo? Kodi tabwera kudzavuula ndowa kuno? Tsegulani maso!" Mawu ake anathera m'misozi. Anzake anayang'ana kumbali.

A Gilibati anakwera pamwala wafulati pafupi ndi boti, navula magalasi aja n'kuwaika pambali. Madzi anali kuyenderera m'ndevu zawo. Kenako anati, "Martina, tabwera kuno. Nanunso aphunzitsi." A Isake anakankhira boti pamwalapo ndipo tinatsika.

"Ine m'madzi sinditsegula maso," anatero. "Ndinatsegulapo kamodzi, iwe usanabadwe. Diamphwe anatenga kamtsikana kakuchokera kudimba. Madzi ataphwerako, ndinalowa padziwe pamene tinkaganizira, madzi atayera. Ndinakapeza katakodwa m'mizu, kakundiyang'ana, maso ali gwa. Ndinakatulutsa, makolo ake anakaika. Koma nkhope ija sinapite kumanda. Kuyambira pamenepo ndinati m'madzi ndizigwira ntchito ndi manja okha. Nkhope imodzi inandikwana, sindinafune kuwonjezera ina."

Anapukuta kumaso ndi chikhatho.

"Ndikangotsinzina, kamabwera. Zaka zonsezi ndinali ndi mankhwala ake: ndimatsegula maso, ndikuona mtengo, ndikuona amayi ako, iko n'kuchoka. Tsono mawa ndidzatsegula chiyani? Mdima sindikuuopa ayi, ndagwira ntchito mumdima moyo wanga wonse. Ndikuopa kukatsala naye awiriwiri mwana uja."

Martina anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenako anatola magalasi ena m'boti, kulavulira, kutsukuluza, n'kuvala mokhotakhota.

"A Isake, ndi pati pamene munthu angaime madzi osamupitirira?"

"Iwe sudziwa kusambira," anatero a Gilibati.

"Anandiletsa ndani? Tiyeni."

A Isake anawalozera pakati pa miyala iwiri pamene pansi panali mchenga. Martina anatsika ndi thalauzi lake lomwelo. Madzi atafika m'mawondo anaima. Atafika m'chiuno anayamba kunjenjemera, mano kuchita kugundana dzuwa likuswa mtengo. Mwana ameneyu chibadwire madzi ake anali a m'beseni. Koma anapitirira mpaka anamufika pachifuwa, natambasula manja.

"Bambo, valani magalasi. Gwirani manja angawa. Tikamira, mutsegule maso. Amene mumuone ndi ine, palibe wina."

"Martina, usandivute."

"Ndikuopa, bambo. Fulumirani, ndingakomoke."

Mawu amenewa ndiwo anawadzutsa. Anavala magalasi aja n'kulowa m'madzi, nagwira manja a mwana wawo. Awiriwo anakoka mpweya n'kugwada pansi, madzi kuwatseka pamitu. Kuchokera pamwala ndinkawaona bwinobwino, mitu iwiri itayandikana, tinsomba tikuzungulira. Thovu linali kutuluka kwa Martina yekha. Ine ndinapezeka ndikupemphera mokweza, osadziwa kuti ndayamba liti.

Anavuuka pamodzi, Martina akutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno. A Gilibati anali atamugwira m'mapewa, akumuyang'anitsitsa kudzera m'galasi lija. Kenako anatembenukira kwa ine nakuwa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo:

"Aphunzitsi, akuphethira! Mwana wanga akuphethira m'madzi!"

Anamwino analulutira, wina akulira, wina akuseka. Martina anati, "Tibwerezenso," ndipo anabwereza. Kachitatu a Gilibati anamira okha, ndipo kuyambira pamenepo kuwatulutsa inali nkhondo. Ankavuuka kudzatiuza nkhani n'kubwereranso. Nsomba ina akuti yabuluu ngati yunifolomu ya ana asukulu. Ina yachikasu, akuti imeneyo ndi ya chipani. Ina inabwera kudzajompha galasi, maso ndi maso, yopanda ulemu. Pomaliza analandira ngakhale kapaipi kaja, nagona chafufumimba pamwamba pa madzi, msana ukupsa ndi dzuwa, akutembenuza mutu pang'onopang'ono kuti kabowo kawo kadutse pa mwala uliwonse. Mpunga tinadya popanda iwo. A Isake anachita kuwachonderera kuti mphepo yayamba, tiyenera kubwerera kumtunda.

Pobwerera m'minibasi sanang'ung'udze za thalauzi. Linali lonyowabe, ndipo anavula jekete lawo n'kufunditsa mwana wawo m'miyendo.

Maso anatsekeratu chaka chotsatira, anthu akukolola chimanga. Anazolowera msanga kuposa mmene tinkaganizira, pakuti manja awo anali odziwa kale kuona. Ankapota zingwe pakhonde, ndipo aliyense wodutsa ankamva za mbuna, kufuna asafune. Mayi Nabanda anati nsomba zimenezo zikukula mwezi ndi mwezi, posachedwa zifanana ndi ng'ombe.

Funso lina linkandivuta mumtima, koma ndinkaopa kulifunsa. Nditalandira kalata yondisamutsa pa Mitundu, ndinapita kukatsanzika. Ndinawapeza pakhonde, chingwe chili pantchafu. Tinacheza za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Nditaimirira kuti ndizipita, ndinalimba mtima.

"A Gilibati, mwana wa ku Diamphwe uja amabwerabe?"

Manja awo anaima pachingwe.

"Amabwera, aphunzitsi. Tsiku lililonse."

Iwo anayambanso kupota.

"Koma masiku ano sabwera yekha. Martina amakhala pambali pake."