Tereza Anachira mu Kompyuta

A Alufeyo Lazaro a ku Nambuma anali ndi mbiri imodzi: sankataya munthu. Anayamba ndi uvenda wa fodya, mpaka kuloweza kanjira kalikonse ka m'maesiteti kuyambira kwa Kabudula kufika ku Nsaru. Ndiye atabwera akafukufuku ofuna kudziwa zimene mankhwala opopera fodya amachita m'mitu ya matenanti, anawalemba ntchito yolondola anthu. Chaka chilichonse a Lazaro ankasaka matenantiwo pa njinga yamoto, kuwafunsa za tulo ndi za kuiwalaiwala, kenako n'kuwakweza galimoto kupita nawo ku tauni kukajambulitsa ubongo. Aliyense anali ndi nambala yake. Koma matama, abale! Ankati tenanti ngakhale alowe kuuna, iwo amutulutsa.

Chaka chachiwiri, tsiku lojambula linagwera pakati pa kuthyola fodya. Tereza, nambala 214, kapitawo anamukaniza kuchoka chifukwa masamba anali kupsa m'munda. Pagalimoto panafika mng'ono wake, Monica.

"Ndife a bere limodzi, bambo," anatero Monica. "Mutu ndi womwewo, eti?"

Dalaivala anali ataliza kale injini. Pamndandanda wa a Lazaro sipanakhalepo mpata chiyambire, ndipo sanafune kuti ayambire pa iyeyu. Anachonga 214, n'kumuuza kuti akwere.

Panapita miyezi isanu. Fodya anagulitsidwa, matenanti anabalalika monga amachitira. Tsiku lina a Hilda, mayi wa masamu amene ankasanthula zithunzizo, anawaitanitsa ku ofesi. Anawaonetsa timadontho mazanamazana pa kompyuta, kadontho kalikonse munthu. Anati makinawo amagawa ubongo m'tizigawo masauzande, n'kuyerekeza chithunzi cha chaka chino ndi cha chaka chatha, osaiwala zaka za munthuyo ndi mayankho ake. Kadontho kamodzi kanali pakokha, kutali ndi anzake.

"Uyu ndi 214," anatero a Hilda. "Chaka chatha anali ndi kachotupa kuseri kwa maso. Adokotala ankadikira chithunzi chachiwiri kuti kakakhala kakukula akachotse asanachite khungu. Chaka chino kulibe. Masamu anga akuti mwina kaphwa kokha, zimene ndi zapatali, apo ayi ndi anthu awiri. Inu ndi amene mumawadziwa nkhope. Kodi ndi munthu yemweyo?"

A Lazaro anachita mantha. Manyazi anapha lambe, ndithu.

"Ndi yemweyo, mayi."

A Hilda analemba kuti wachira, n'kutseka fayilo.

A Lazaro sanapite kunyumba. Analunjika kuesiteti, fumbi lili koboo, akudziuza kuti amupeza Tereza mwakachetechete, abwere naye, zonse zikonzeke. Anapeza m'kanyumba ka Tereza muli banja lina. Kapitawo anati anapita pa lole ndi mng'ono wakeyo, kwawo kummwera. Mudzi wake? Ndani amafunsa tenanti mudzi?

"Kodi anachoka ali bwino?" anafunsa a Lazaro.

Mayi wina amene ankasankha fodya ndi Tereza anasiya kusesa.

"Bwino kuti? Kumapetoku ankangosakaniza magiredi, kapitawo n'kumamukalipira. Ankati mutu ukuwawa, m'maso muli chifunga. Koma sanadandaule kwenikweni. Ankati akanakhala ndi vuto, a Lazaro akanabwera kudzamuuza. Pokwera lole paja tinachita kumugwira dzanja."