Masaya anga anatimanitsa thumba la chimanga

Ndikukumbukira chaka cha chilala, matipate atangoyamba kumene, tikukhala ku Machinjiri kumene tauni imathera n'kuyamba minda. Bambo anali atachotsedwa ntchito kufakitale, ndipo kamunda kathu ka kutsidya kwa mtsinje kanangotipatsa madengu owerengeka. Pofika Disembala nkhokwe inali mbee, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Tinkadya kamodzi patsiku, madzulo, kamodzi kakenso ka madeya.

Koma ine, mzime wa m'nyumbamo, kamtsikana ka zaka zisanu, njalayo sindinkaidziwa. Ndinali ndi mphuno ya galu. M'mawa ndinkakhala pakhomo pa amake Fatuma, ogulitsa zitumbuwa kumsewu, kudikira zopserera. Dzuwa likakwera ndili kwa amake Joji, Alomwe a ku Phalombe, amene mphika wawo wa nyemba za kalongonda unkawira tsiku lonse, fungo lake kundiitana ndili kutali. Chakumasana a Chikopa, mlonda wosakwatira, akadzuka ankandinyemera chinangwa chootcha. Panalibe wondithamangitsa, chifukwa masiku amenewo mwana akakupeza ukudya unkangomusambitsa m'manja. Masaya anga ankachita kunyezimira.

Kenaka kutchalitchi analengeza kuti kukubwera anthu a bungwe lina kudzaona mabanja amene njala yawapana, ndipo ovutikitsitsa adzalandira thumba la chimanga. Amayi anaika mtima wonse pathumba limenelo. Popanda ilo sankadziwa kuti tikafika bwanji nthawi ya chimanga chachiwisi.

Anabweradi, mayi wina wa nsapato zoyera ndi bambo wonyamula sikelo yonga ya kubutchala, imene anaikoloweka pamtengo wathu wa mango. Anafotokoza mwaulemu kuti mawu okha sawadalira, poti nthawi ya njala aliyense amadandaula. Anasuzumira m'nkhokwe n'kupukusa mitu. Anafunsa kuti timadya kangati, amayi n'kuyankha zoona zokhazokha. Zonse zinkayenda bwino mpaka anati tsopano ayeze mwana wamng'ono wa pakhomopo.

Mchemwali wanga anakanditenga kwa amake Fatuma, kumene ndinali nditabwererako kachiwiri, milomo ili noninoni ndi mafuta, chitumbuwa chili kumanja. Atandilowetsa m'kabudula wopachika pasikelo ija, nthambi ya mango inawerama, muvi n'kuthamanga. Mayi uja anandikulunga katepi pamkono, kenaka anandigwira tsaya n'kuwayamikira amayi kuti amadziwa kusamala mwana. Amayi anayesa kulongosola kuti mwanayu amadya mudzi wonse, koma bambo uja anangoseka, ati nkhani wamva zambiri koma imeneyo ndi yatsopano. Ndiye anawerama n'kundifunsa kuti lero ndadya kangati. Ine ndi mtima wonyada ndinaimika zala zitatu, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.

Thumba lija linatidutsa choncho.

Amayi sanandimenye. Anangokhala pamtondo n'kumandiyang'ana, misozi ili lengelenge, ndipo ndinamva chisoni ngakhale sindinkadziwa chimene ndalakwa. Nkhani inawanda msanga. Amake Fatuma anabwera akuseka mpaka kugwira nthiti, koma ataona nkhope ya amayi kuseka kunatha.

"Achemwali, pukutani misozi," anatero. "Mwanayu tamunenepetsa ndife, ndiye mlandu ndi wathu."

Tsiku logawa chimanga litafika, tinangoona azimayi akulowa pakhomo mmodzimmodzi, wina ndi beseni, wina lichero, aliyense kutapa pa thumba lake. Amake Joji pokhuthula chawo anati akulipira chindapusa cha kalongonda. A Chikopa, amene sanalandire kanthu, anabwera ndi mtolo wa chinangwa panjinga. Amayi ankaseka uku akulira, bambo n'kumangoti zikomo, zikomo, chipewa chili m'manja. Tinadya chimenecho mpaka m'munda munacha, ndipo ine dzina langa linasanduka Thumba kufikira ndili ku sekondale.

Lero ndimakhala ku Chilomoni, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Chakudya sichisowa, ndithokoze Mulungu. Koma mwana wanga ndimamuletsa ndekha kulandira kanthu kwa eni, ndipo ana a nyumba yoyandikana nafe sindidziwa ngati agona atadya. Anthu a sikelo aja atabwera lero sangalakwitsenso. Angomuyeza mwanayo n'kudziwa zonse za m'nyumba mwanga, chifukwa kulibe kwina kumene amadya.