Amakoka, Sakankha

Tsiku limene kapitawo wa panazale anamuonetsa mbande makumi anayi zimene anamezanitsa zitauma, mayi wa mapasa anakhala pansi pakati pa machubu n'kulira. Mwamuna wake, katswiri womezanitsa mitengo ya zipatso panazalepo, anali atatha miyezi iwiri m'manda. Mayiyu anapempha ntchito ya malemuyo chifukwa nyumba imene ankakhalamo ndi ana inkayendera limodzi ndi ntchitoyo.

"Mayi, chisoni ndili nacho," anatero kapitawo, "koma zikaumanso, nyumba ija tipatsa wina."

Malemu anamusiyira kampeni kopinda ndi kanolero ka m'thumba, kokhala ndi kampata kolowetsamo mpeni. Kumezanitsa ankakudziwa, poti zaka zonse ankathandiza mwamuna wake. Kunola ndiye ayi, ndipo kufunsa ankachita nako manyazi. Paja safunsa anadya phula. Ankakankha ndi kukoka kampeniko m'kampatako mwamphamvu ngati akucheka thabwa. Kampeni kankangodyeka, ndipo pa nthambi kankatafuna khungwa m'malo modula.

Mayi wina wachikulire wothira dothi m'machubu, amene onse ankamutchula Azakhali, anamupeza akutero.

"Mwana wanga, kampeniko kakulakwira chiyani? Apa amakoka, sakankha. Yambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, mopepuka, kasanu basi. Amuna ako ankachita kuimba mluzu ponola."

Mayi wa mapasa anayang'ana kampeni kaja. Kanali katawonda, pakati patalowa, ndipo anali atakawononga yekha ndi manja ake. Zinamupweteka kwambiri, moti anakafumbata n'kuliranso. Azakhali sanamuletse.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse mayi wa mapasayo ankatola nthambi zotayidwa n'kumayeserera. Zala zinachekeka, koma tsiku lina podulapo panatuluka posalala. Anamezanitsa mbande zina makumi anayi, n'kudikira milungu itatu mtima uli m'mwamba.

Zinaphuka zonse kupatula zitatu.

Kapitawo anayenda mzere wonse akuyang'ana mbandezo. "Makiyi a nyumba aja sungani, mayi," anatero.

Lero mayi uja ndiye amaphunzitsa antchito atsopano panazalepo. Chisoni sichinathe, koma mapasa akukulira m'nyumba imene bambo awo anawasiyamo.

Inu amene manja akukanika pamene mtima ukulira, mwina simunalephere. Mwina pali kanthu kamodzi kamene palibe anakuuzani. Funsani, yesaninso, ndipo mtimawo musautaye.